Ndiwalandire bwanji madokotala atsopano a family medicine?

Akuluakulu a zachipatala amene muli kuno ku Joni, ndigawireniko nzeru. Mwezi wamawa tikulandira ma registrar atatu (madokotala amene akuphunzira ukatswiri wa family medicine, udokotala wosamalira anthu a misinkhu yonse m'banja ndi m'dera), ndipo ntchito yowazoloweretsa sabata yoyamba andipatsa ine. Awiri ndi akwathu, wina wa ku Zomba, wina wa ku Chipata.

Za mapepala sizikundivuta: kulembetsa ku HPCSA (bungwe lovomereza madokotala kugwira ntchito kuno), zaka 4 za digiri ya MMed, mayeso a ukatswiri a FCFP, portfolio (kaundula wa zomwe aphunzira ndi kuchita) yodzaza chaka ndi chaka. Chikundisowetsa tulo n'china. Anthuwa anazolowera kuwodi. Kukiliniki ya ku Soweto akakumana ndi agogo odwala shuga ndi BP, akumwanso ma ARV, mdzukulu akutsokomola kumsana, mzere utafika panja, agogowo akungoyankhula Chizulu kapena Chisutu basi. Ine mwezi wanga woyamba ndinkabwerera kunyumba mtima uli wolemera, sindikufuna anzangawa adutse momwemo okha.

Ndiye kodi ndiyambe ndi kuwatenga kukayendera odwala m'makomo limodzi ndi azaumoyo a m'madera, kapena ayambe akhala kaye pambali pa manesi akuluakulu, aone momwe mzere umayendera? Inu amene munaphunzira family medicine kuno kapena kuchipatala cha ku Mangochi, chinakuthandizani kwambiri n'chiyani masiku oyambirirawo? Nanga za chilankhulo munatani?