Seva ikuzima ndi kutentha ku Moatize, abwana akuti tiisamutsire ku Maputo

Wa ku Moatize:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndimayang'anira makompyuta pa kampani ina ya magalimoto onyamula katundu kuno ku Moatize. Tili ndi maseva awiri (makompyuta akuluakulu osunga mapulogalamu ndi mafayilo a ofesi yonse) m'kachipinda kopanda zenera, ina ya mafatura ndi malipiro a madalaivala, inayo ya mafayilo. Chiyambire Okutobala ya mafaturayo yazima yokha kanayi, nthawi zonse masana. Dzana kutentha m'kachipindamo kunafika madigiri 38. Abwana atopa nazo, akuti makinawa tikawasungitse ku kampani ya data center (nyumba yosungira maseva) ku Maputo, tizingolipira pamwezi. Ndiwayankhe bwanji?

Mayi wa ku Ulongwe:
Achimwene, za Maputo tidikire kaye. Magetsi akathima jenereta n'kulira, makina oziziritsa m'chipindamo amayakanso? Ndikufunsa chifukwa ndinazionapo pa ofesi ina ku Tete: jenereta imadyetsa maseva ndi nyali, koma choziziritsa anachimangira pa chingwe china. Seva ikuyenda, chipinda chikupsa. Mpweya wolowa mu seva umafunika pakati pa madigiri 18 ndi 27. Kwathu kuno kumapiri timapulumuka ndi nyengo, koma inu kumusiko mwezi uno panja pokha pamapitirira 40.

Wa ku Moatize:
Mayi, sindinayesepo. Jenereta inaikidwa ine ndisanabwere. Ndiona mawa.

Mkulu wa ku Songo:
Mukamaona, mutsegulenso UPS, bokosi la mabatire lomwe limagwirizira maseva magetsi akathima. Mabatire a mtovu amapangidwira madigiri 25, kutentha kukakwera ndi 10 moyo wake umadulidwa pafupifupi pakati. Akatupa m'mbali, atayeni ndithu. Fumbi la malasha la kwanuko musaliiwale, limamata pa sefa ndi pa mafani ngati phala.

Tsopano za abwana anuwo. Maganizo awo si oipa. Makampani amenewa ntchito yawo ndi yomweyo: amamanga nyumba, amaikamo magetsi a njira ziwiri, majenereta, zoziziritsa ndi alonda, inu mumangobwereka malo mu rack, kabati yoikamo maseva. Kampani ya Raxio inatsegula malo ake mu 2024 ku Beluluane, kufupi ndi Matola, ndipo ndi a Tier III, kutanthauza kuti angathe kukonza jenereta kapena choziziritsa makina anu osazima. Kulinso kampani ina, iColo, ku Maputo. Zimenezo inu m'kachipinda kanu simungazifike, ngakhale abwana atatulutsa ndalama zingati.

Koma mudziwe chimene mukugula. Kutentha ndi magetsi mwathana nazo, m'malo mwake moyo wonse wa ofesi mwaupachika pa chingwe chimodzi cha intaneti chotalika makilomita oposa 1,500. Ofukula msewu akadula chingwecho (fibre) penapake, seva yanu ku Matola ili bwinobwino ikuzizira, koma dalaivala ali pa zenera ku Moatize kudikira fatura yomwe sikutuluka.

Wa ku Zóbuè:
Zoona akulu. Ife tinasamutsa yathu chaka chatha. Kuchedwa kwa mtunda si vuto, pulogalamu imatseguka bwino. Chinatipweteka n'chakuti tinagula intaneti ku makampani awiri poganiza kuti tadziteteza, osadziwa kuti onse amadutsa mu fibre imodzi. Tsiku lomwe inaduka, zonse zii. Muwafunse ogulitsawo njira imene chingwe chawo chimadutsa, akuonetseni. Ife pano njira yachiwiri ndi Starlink, intaneti ya pa setilaiti.

Mayi wa ku Ulongwe:
Ndipo pa kontrakiti musangoona mtengo wa rack. Funsani makilowati angati ali mu mtengowo, chingwe cholumikiza rack yanu ndi kampani ya intaneti amalipiritsa zingati, komanso ngati disiki itafa usiku alipo munthu wawo woti aisinthe inu mukumuuza pa foni. Popanda zimenezo mudzakwera ndege kapena kugona m'basi masiku awiri chifukwa cha waya umodzi. Mufunsenso ngati mtengo uli mu metical kapena mu dola.

Wa ku Moatize:
Ndabwera ndi yankho. Mayi, munalasa. Ndinazimitsa magetsi dala m'mawa, jenereta inalira, choziziritsa chinangokhala chete. Chili pa bolodi ya nyumba yakale. Sefa yake yakuda bii, ndipo mabatire awiri mwa anayi atupa monga ananenera akulu a ku Songo. Wamagetsi abwera Loweruka kudzachisamutsira pa jenereta.

Abwana ndawauza kuti seva ya mafatura ikhale konkuno, chifukwa imeneyo ikasowa ngakhale ola limodzi magalimoto amaima pa geti. Ya mafayilo ndi makope osungira ndiyo tipititse ku data center, usiku uliwonse izikoka zatsiku limenelo. Avomera kuti ndifunse mitengo.

Mkulu wa ku Songo:
Mwachita bwino. Wamagetsiyo asanamange, muone kaye mphamvu ya jenereta. Kompresa ya choziziritsa ikamayamba imakoka magetsi ochuluka kangapo kuposa ikamayenda, jenereta yaing'ono imagwada n'kugwetsanso maseva. Tiuzeni ma kVA (muyeso wa mphamvu) a jeneretayo ndi kukula kwa choziziritsacho tiwerengere limodzi.

Wa ku Moatize:
Ndikajambula kachitsulo kolembedwa pa jenereta madzulo ano, ndikutumizirani.