Mbande za tomato zikungogwa m'machubu, tathandizani msanga

Bambo a Tadala (Nchalo):
Akuluakulu, zandivuta kuno. Machubu 600 a tomato wa mtundu wa Tengeru, kumera anamera bwinobwino, koma sabata yachiwiriyi mbande zikungogwa. M'mawa uliwonse ndikupeza zina zagona, tsinde lawonda pamene lakhudza dothi ngati munthu walimanga ndi ulusi, masamba ali obiriwira ndithu. Dothi ndinasakaniza mawilibala awiri a makande ndi imodzi ya manyowa a mbuzi. Ndikuthirira madzulo, madzi a pamjigo, udzu wophimbira ukadalipo chifukwa dzuwa la Okutobala mukulidziwa. Dithane ndapopera, palibe chasintha. Ndimafuna kuwokera mvula ikangoyamba kuti ndipeze mitengo ya pamsika ya Febuluwale. Mbewuyi ndi yabodza kapena chiyani?

Mayi a Chikondi (Livunzu):
Mbewu ilibe mlandu bambo, ikanakhala yoipa sikanamera. Imeneyo ndi damping off, matenda owoletsa tsinde la mbande pamene lakhudza dothi. Zulani imodzi yomwe yangogwa kumene muyang'ane. Tsinde likakhala lofewa, lonyowa ngati laphikidwa, ndi nkhungu za m'dothi. Likakhala lodukiratu, mutu uli apo chitsa chili apo, ndi mbozi yodula mbande (cutworm) kapena nkhululu, fukulani pambali pa chubu mupeza mwini wake. Likakhala louma lotuwa mbali imene kukuchokera dzuwa, makamaka m'machubu a m'mphepete, lapsa ndi kutentha kwa dothi. Mmene mwafotokozeramo ndi choyambacho. Ndipo chakuphani ndi makande. Dothi limenelo m'chubu silitulutsa madzi, pamwamba limauma gwa n'kung'aluka, m'kati muli phala. Inu mukaona pamwamba pauma mukuthiranso.

Amalume a ku Tengani:
Simunatenthe dothi. Nkhani ndi yomweyo. Unjikani mapesi pabedi, yatsani, kenako fesani. Makolo athu ankatero, matenda amenewa sitinkawamva.

Mlangizi wa ku Ngabu:
Mayi a Chikondi anena zoona. Ndiwonjezere za lero ndi mawa, chifukwa zogwazo sizidzukanso. Chotsani udzu wonse pamwamba pa machubu, umayenera kuchoka tsiku lomwe mbewu yayamba kutuluka. Mthunzi ukhale wa chisakasa chokwera mita imodzi kapena kupitirira, udzu wake wopyapyala woti dzuwa lizidontha, m'mbali mosatseka kuti mphepo izidutsa. Machubu amene mbande zagwa atulutseni ndi dothi lake lomwe, komanso oyandikana nawo muwaike padera. Kuthirira kukhale m'mamawa, dzuwa lisanakwere, kuti pofika usiku khosi la mbande likhale louma. Usiku wa kuno ndi wofunda, mukawonjezera chinyezi ndiye kuti nkhungu mwazikonzera phwando. Masana zikalefuka kwambiri thirirani pang'ono cha m'ma 3 koloko, osati dzuwa litalowa.

Dithane amateteza masamba, salowa m'dothi kukapha Pythium, nkhungu yomwe imayambitsa matendawa. Ngati mungapeze Ridomil kapena copper oxychloride, thirani patsinde kuti alowe pansi, muyezo wake tsatani wa palebulo. Koma mankhwala pa dothi losatuluka madzi n'kungotaya ndalama.

Amalume a ku Tengani:
Mankhwala onsewo ndi ndalama. Mapesi ndi aulere. Tenthani.

Mayi a Chikondi (Livunzu):
Amalume, atenthe chiyani poti mbande zili kale m'machubu a pulasitiki?

Achimwene a pa Bangula:
Ine funso langa lili pa manyowawo. Anali a liti? Manyowa a mbuzi ongokokola m'khola, timibulu tikuonekabe, amayamba kuwola akalowa m'chubu n'kulandira madzi. Amatentha mizu ndipo amabwera ndi mbewu za udzu. Oyenera nazale ndi amene asanduka dothi lakuda, osanunkha mkodzo, mukapisa dzanja pakati pa mulu osamva kufunda. Mukakayika, dzazani timachubu tiwiri, china dothi lokha china losakaniza ndi manyowawo, mufese nyemba. Sabata imodzi yankho mwalipeza.

Kasakanizidwe kake: ndowa ziwiri za dothi lapamwamba la pansi pa mitengo, pamene sipanalimidwepo tomato, mabiringanya kapena tsabola, ndowa imodzi ya mchenga waukuluukulu wa kumtsinje, ndowa imodzi ya manyowa owolerana. Zonse zidutse pa sefa. Ngati dothi lomwe muli nalo ndi makande okhaokha, mchenga ukwere kufika ndowa ziwiri. Nyowetsani pang'ono, fumbatani m'manja: chibumacho chigwirane, koma mukachigunda ndi chala chimwazike. Chikamata m'manja ngati dongo loumbira mbiya, mchenga wachepa.

Chenjezo pa mchenga: musatenge matope osalala aja amene madzi amasiya akasefukira. Chichokereni namondwe wa Freddy mu 2023 matopewa adzaza m'madimba ambiri ndipo anthu akuwayesa mchenga. Kumunda ndi achonde, koma m'chubu amatseka pamwamba, mbewu ya tomato imalephera kuboola.

Mayi a Chikondi (Livunzu):
Kuno ku East Bank mankhusu a mpunga ndi osasowa, ku Nkhate ndi ku Muona amangounjikana pa zigayo. Owawula, oti ada bii koma sanasanduke phulusa, amalowa m'malo mwa theka la mchengawo ndipo chubu chimapepuka. Aawisi musaike ambiri, amabwera ndi mpunga womera komanso chiswe chimawakonda.

Amalume a ku Tengani:
Mwaona? Nawonso akuwawula. Moto womwewo. Ndanena kale ine.

Mlangizi wa ku Ngabu:
Amalume, moto sindikuukana, koma wa mapesi umangopsereza pamwamba, pansi pake nkhungu ndi nematodi (tinyongolotsi towononga mizu) zili phee. Phulusa lochuluka nalonso silithandiza chifukwa dothi lambiri la m'chigwa muno ndi la alkaline kale (losiyana ndi la asidi), ndipo phulusa limangowonjezera zimenezo. Wofuna kuphika dothi la machubu agwiritse ntchito nthunzi: madzi pang'ono pansi pa dilamu, njerwa ndi waya pamwamba pake, dothi lonyowa m'matumba, vindikirani. Nthunzi ikayamba kutuluka pamwamba werengani mphindi 30, phulani, lizizire tsiku lathunthu. Njira ina n'kuyala dothi lonyowa padzuwa n'kuliphimba ndi pulasitiki yoonekera mkati, m'mbali mokwirira, masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi. Dzuwa la Okutobala ndi Novembala kuno limagwira ntchitoyi bwino, koma bambo a Tadala nthawi imeneyo alibe.

Mlongo wa ku Makhanga:
Palibe wafunsa za madzi. Mijigo yambiri ku Chikwawa ndi Nsanje ndi yamchere. Yang'anani ngati pamwamba pa dothi kapena m'milomo ya machubu mukuoneka zoyera, ndiponso ngati masamba akupsa m'mphepete. Kuthirira pang'onopang'ono ndi madzi otere kumaunjika mchere pa mizu. Nthawi ndi nthawi thirani ambiri mpaka atulukire pansi, koma zimenezi zimatheka ngati mabowo a chubu ndi otseguka ndipo machubuwo sanakhale pa pepala la pulasitiki. Madzi a pachithaphwi ayi, nkhungu zomwezo zimakhala m'menemo.

Mukafesanso, mbewu ziwiri pachubu, kuya kwake sentimita imodzi, zikamera mupatulire itsale imodzi. Feteleza asayandikire mpaka masamba enieni awiri ataoneka. Sabata yomaliza chepetsani madzi ndi mthunzi kuti zikhwime, apo ayi tsiku lowokera lomwelo zipsa. Masabata anayi zimakhala zakwana, choncho Disembala mukhoza kumupezabe.

Amalume a ku Tengani:
Akafesanso osatentha adzabweranso pano ndi funso lomweli.

Achimwene a pa Bangula:
Komanso Tengeru m'dzinja amafuna mitengo yomangirira ndi kupopera sabata ndi sabata, osangoona mitengo ya pamsika yokha. Paja machubu ang'onoang'ono aja akupezeka pa Nchalo masiku ano, kapena mpaka Blantyre? Bambo a Tadala, munagula kuti anuwo?