Amene munakapangako internship ya ulimi ku Israel, tandithandizeni

Abale anga ndithandizeni maganizo. Mng'ono wanga wamaliza dipuloma ya zaulimi ndiye wapezana ndi ajenti wina wake ku Limbe kuno akuti amupezera malo a internship pafamu ku Israel, kuchipululu cha Arava kufupi ndi Eilat, miyezi 11. Mwana wasangalala moti sakugona tulo koma ine mtima uli m'mwamba, pepala lomwe amupatsa ndaliwerenga mobwereza, palibe pomwe alemba kuti azigwira maola angati patsiku, angoti "allowance" basi.

Ndiye funso langa lalikulu ndi la ndalama. Amalipira ma shekel pa ola ngati wantchito wina aliyense kapena poti ndi wophunzira amangomuponyera kangachepe? Nanga akadula lendi, inshuwalansi, fizi ya kalasi ndi tikiti ya ndege, imatsala yoti munthu nkutumizako kumudzi? Chifukwatu mayi akufuna kukatenga ngongole kubanki mkhonde kuti tilipire ajentiyo, ndipo ine sindikufuna tilowe m'mavuto chifukwa cha phuma.

Zinanso, ovataimu amawerengera? Loweruka ndikudziwa kuti ndi Sabata kumeneko, koma amapumadi kapena nthawi yothyola tsabola ndi tomato kulibe zopuma? Mu greenhouse ndi kutentha kuja, wina akadwala amapita naye kuchipatala ndani? Pasipoti amasunga yekha kapena amalanda abwana? Nkhani ya nkhondo ndiye osanena, pafamu pamakhala pothawira mabomba?

Chonde amene munapitako kapena muli konko, tiuzeni zoona zake, komanso ngati ku unduna wa zantchito tingakafunse zoti ajenti ameneyu ndi wovomerezeka. Akufuna yankho pofika Lachisanu.