Kamakina ka mbuliuli kakupsereza khofi kenako n'kuzima, ndichotsemo chiyani?

Membala wobisa dzina: Akuluakulu thandizeni. Alamu anga anandibweretsera kamakina ka mbuliuli kuchokera ku Johannesburg, ndiye ndinamva kuti kamakazinganso khofi. Ndagula khofi wosakazinga wa ku Misuku, mtengo sinditchula poti mayi akunyumba ali pagulu lomwe lino. Pakangotha mphindi zitatu njere zada bii kunja, mkati zikadali zosapsa, kenako kamakina kazima kokha mpaka kazizire. Alandilodi ayamba kale kudandaula za utsi, chonsecho iwowo amawotcha zinyalala pafupi ndi chingwe changa choyanikapo zovala. Mayunitsi nawo akutha, alamu aja tsiku lililonse akufunsa kuti alawa liti. Ndichotsemo chiyani mkatimo?

Wamagetsi wa ku Ndirande: Chikuzimitsacho ndi thermostat, kachitsulo komatidwa pa kapu yotenthayo. Zulani pulagi, masulani pansi, lumikizani mawaya ake awiri mwachindunji. Muwafinye ndi kachitsulo kolumikizira mawaya, OSAMATA NDI SOLDER (mtovu womatira mawaya uja), imasungunuka pa madigiri 183 pomwe mkatimo mumapitirira 200. Thermal fuse isiyeni, ndiyo ikudula moto zinthu zikavuta.

Mayi wa khofi: Musanayambe kudula mawaya, mukuthira magiramu angati? Simunanene. Timakina timeneti timakwana magiramu 70 mpaka 90. Mukachulutsa, njere sizizungulira, mpweya wotentha umatsekeka pansi, zapansi zimapserera ndipo thermostat imadula. Thirani pang'onopang'ono makina akuyenda, njere zikangoyamba kuzungulira mwaulesi lekerani pomwepo. Mphindi yoyamba muzitakasa ndi kamtengo, zikataya chinyontho zimapepuka n'kumayenda zokha.

Wamagetsi wa ku Ndirande: Mayi, ngakhale athire njere khumi, mawatsi 1200 osachepetsa moto ndi kuwotcha basi. Mankhwala ake ndi kupatula fani ndi koyilo, waya wotenthetsa uja. Kamota ka fani n'ka DC, ka mavoti 20 kapena kupitirirako pang'ono, kamalandira magetsi kudzera pa koyilo yaing'ono ndi ma diode. Kachotseni pamenepo, kapatseni chaja ya laputopu ya 19V. Fani ikazungulira chammbuyo sinthanitsani mawaya. Koyilo yaikulu, yomwe pa mita iwerenge cha m'ma ohm 44, ipite pa regulator ya SCR, kachipangizo kochepetsera ndi kuwonjezera moto, ya mawatsi 2000 kupita m'mwamba. Dimmer ya mababu musayese, ipsa tsiku lomwelo, apa pakudutsa ma amp opitirira 5. Kuyatsa muziyamba fani, kuzimitsa muziyamba koyilo. Koyilo yopanda mphepo imaduka m'masekondi ochepa.

Mdala wa mbaula: Zonsezi chifukwa cha kapu imodzi ya khofi? Chiwaya chokhuthala, makala atayamba kuyera, mthiko, kutakasa osaleka mphindi 12 mpaka 15, kenako kupeta pa lichero. Magetsi akazima pakati pa ntchito ma SCR anuwo muwamwera tiyi?

Wamagetsi wa ku Ndirande: Madala, chiwaya chimatenthetsa mbali imodzi, njere zimatuluka zamawangamawanga. Ameneyo ndi khofi kapena mtedza wa pa depoti?

Mdala wa mbaula: Wamawanga ndi wa munthu waulesi pa mthiko.

Mlimi wa ku Phoka: Funso langa lili pa khofiyo. Anamenyedwa kale kapena akadali m'chikhungwa chake choyera chija? Wogulidwa pakhomo pa mlimi nthawi zambiri amakhala nacho, ndipo chimapsa msanga n'kufuka utsi wambiri njere isanatenthe n'komwe. Womenyedwa amaoneka wobiriwira motuwa. Chinyontho chikhale 10 mpaka 12 pa 100. Lumani njere imodzi: youma bwino ndi yolimba gwa, ikanyanyuka ngati chingamu yanikaninso. Sankhaninso zakuda, zosweka ndi zobooledwa ndi tizilombo, imodzi yokha imawononga kapu yonse.

Mlongo wa ku Area 25: Inu nkhani ya alandilodiyo musaipeputse. Lembani zonse, tsiku lotuluka adzakudulani dipoziti ati khoma ladetsedwa ndi utsi.

Mayi wa khofi: Suzumiraninso m'kapumo. Ngati mphepo ikulowa pa timipata ta m'mbali, ali bwino. Ngati pansi pali kasefa, mankhusu amagwera pa koyilo n'kuyaka, makina amenewo asiyireni ana azikazingira mbuliuli. Chivindikiro cha pulasitiki chimasungunuka, ikani chitini chodula mbali zonse ziwiri kuti njere zisadumphire kunja, ndipo kazingirani panja. Khutu ndiye likutsogolereni. Kuthetheka koyamba kwa njere kumamveka mokweza cha pa madigiri 196, ndi bwino kubwere pakati pa mphindi 6 ndi 8. Kwachiwiri n'kwapansipansi, kofulumira, cha pa 225, apo mafuta ayamba kutuluka. Arabica wa ku Misuku mutsitseni mphindi imodzi ndi theka kapena ziwiri kuthetheka koyamba kutayamba, mukadikira kwachiwiri kafungo kake kapita. Khuthulirani mu sefa yachitsulo, muziziritse msanga chifukwa amapitiriza kupsa ali pamulu. Yezani pa sikelo: pa magiramu 80 patsale 67 kapena 68. Musamwe tsiku lomwelo, adikire masiku awiri kapena atatu mpweya utuluke.

Wamagetsi wa ku Ndirande: Madigiri mukutchulawo awaona ndi maso? Pezani thermocouple ya mtundu wa K, kawaya koyezera kutentha, boolani kabowo ka mamilimita 3 m'mbali mwa kapu, nsonga yake ikhale pakati pa njere, isakhudze chitsulo. Popanda regulator mphindi 8 zanuzo SAFIKAKO.

Membala wobisa dzina: Zikomo nonse. Chitini ndapeza cha nsomba. Alandilodi ndalankhula nawo, akuti ndizikazingira kuseri kwa bafa. Ndiye thermostat ndidule kapena ayi?

Mayi wa khofi: Chansomba ayi, fungo lilowa mu khofi, ndipo chilichonse mungapeze muyambe mwachiwotcha pa mbaula utoto wamkati uchoke. Magiramu aja ndi angati, bambo?

Wamagetsi wa ku Ndirande: Dulani. Koma mukadula musamachokepo makina akuyaka, ndipo regulator ilowe m'kabokosi kotseka, mawaya a 230V asakhale pamtunda pomwe pali ana.