Maberingi a mota ya chigayo akutha msanga chiikireni VFD

Mwini chigayo, Lizulu:
Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Mota ya chigayo changa ndi ya 22 kW, ndipo inagwira zaka 4 osasintha beringi. Chaka chatha ndinaikitsa VFD, bokosi lowongolera liwiro la mota, kuti izidzuka pang'onopang'ono, poti ikamadzuka mababu a m'magolosale oyandikana nane ankaphethira, anthu n'kumadandaula. Chiikireni ndasintha maberingi kawiri. Imayamba ndi kulira ngati mluzu, makamaka tsiku la msika ikagaya kutalika. Titamasula tinapeza girizi wada bii ngati wapsa, ndipo m'njira ya mipira muli timizere topingasa, totalikirana mofanana, ngati malata. Mnyamata wanga akuti anatigulitsa maberingi achinyengo. N'zoona?

Wamagetsi, Dedza boma:
Bambo, wogulitsayo musamunamizire. Timizere timeneto ndi chipsera cha magetsi. VFD imadula ndi kulumikiza magetsi kambirimbiri pa sekondi imodzi, ndiye ena amaunjikana pa shafuti. Akachuluka amaboola girizi n'kuthetheka kudzera m'mipira kupita ku thupi la mota, ngati kawotcherera kakang'ono. Chigayo chanu n'choyendera lamba, ndipo lamba sapititsa magetsi, choncho njira yawo ndi beringi basi. Ikani shaft grounding ring, mphete yozungulira shafuti yopititsa magetsiwo ku thupi la mota, kumbali ya pule kuti azidutsa pamenepo. Ya AEGIS ndi yodziwika, koma burashi ya kaboni imathandizanso, kungoti imatha, ndipo fumbi la ufa limaitseka. Muziipukuta. Muonenso chingwe chochoka ku VFD: chikhale cha shield (chokutidwa ndi chitsulo), chomangidwa ku earth mbali zonse ziwiri, osati waya wamba wopiringiza ndi tepi.

Mlimi wa kachewere, Bembeke:
Achimwene, musanataye ndalama yesani kumasulako lamba. Pampu yanga ya kudimba inkadya beringi chifukwa choti ndinkakoka lamba mopyola.

Wamagetsi, Dedza boma:
Lamba wothina amadyadi beringi ya kutsogolo, koma girizi wakupsa pamodzi ndi timizere ta malata si zake. Chinthu chaulere choyamba: lowani m'ma parameter a VFD mutsitse carrier frequency, liwiro lomwe imadulira ndi kulumikiza magetsi. Ngati ili pa 8 kHz, ibwezeni pa 4. Mota idzachita phokoso pang'ono, koma m'chigayo adzamva ndani? Zimachepetsa chabe, sizithetsa. Beringi yokutidwa kuti isapititse magetsi, ngati INSOCOAT ya SKF, nthawi zambiri timaiika kumbuyo kwa mota zazikulu, za 75 kW kupita m'mwamba. Yanuyi ring ikwana.

Mwini chigayo, Lizulu:
Zikomo madala. Ndakayang'ana, chingwe n'chawamba, ndipo carrier frequency inali pa 10 kHz. Ndatsitsa kale. Nanga ring imeneyi poitanitsa ndiyeze shafuti pati, pomwe pakhala pule kapena pafupi ndi chivindikiro?