Pateni ikuti "muslin", ndigule nsalu iti?

Telala wa ku Limbe: Anzanga ndithandizeni. Mayi wina ali ku America wanditumizira pateni ya diresi la ukwati la mng'ono wake. Papepalapo akuti ndiyambe ndasoka "muslin". Kushopu andionetsa kansalu kopyapyala koonekera mkati, kokhala ngati kosefera. Zoona ndisokere mkwatibwi zimenezi?

Mayi a ku Area 25: Musagule kaye achimwene! Ku America akati muslin amanena keleko wathu yemweyu, wosanyika mu utoto. Akufuna musoke diresi loyeserera pa nsalu yotchipa, mkwatibwi aliyese, mukonze m'mapewa ndi m'chiuno, kenako muzikhudza satini wokwera mtengoyo. Chimene anakuonetsani kushopuko ndi muslin wa ku Britain. Wogulitsayo sanalakwe.

Mdala wa Singer, Zomba: Mayiwa anena zoona. Mayina ambiriwa ndi a mizinda, ana inu. Muslin ndi Mosul, ku Iraq. Keleko ndi calico, kuchokera ku Calicut, doko la ku India lomwe lero amalitcha Kozhikode. Denim ndi "de Nîmes", nsalu ya ku Nîmes ku France, pomwe jinzi dzina lake linachokera ku Genoa. Dzina limauza kumene amalonda ankaitenga nsaluyo, siliuza makulidwe a ulusi kapena kalukidwe. Nsalu ikasintha m'manja mwa ena, dzina limangotsalira. Khaki yekha ndiye woona mtima: ku India mawuwo amatanthauza mtundu wa fumbi, ndipo mpaka pano akuonekabe fumbi.

Mayi a ku Area 25: Agogo mwayamba sukulu tsopano. Koma achimwene samalaninso mbali ina iyi: mayi wa ku Americayo akadzati "calico", sakunena keleko ayi. Ku America calico ndi kotoni wa timaluwa ting'onoting'ono. Ine zinandionekera chaka chatha, ndinasokera mwana wa eni diresi loyera mbee, amake akuyembekezera la maluwa. Ndinabweza ndalama ya nsalu ndi m'thumba mwanga.

Mnyamata wa masuti, Mzuzu: Ine masiku ano sindikambirana dzina. Ajambule nsaluyo ataiyang'anitsa kudzuwa, atumize pa WhatsApp, basi.

Telala wa ku Limbe: Mwandipulumutsa. Keleko ndigule wochuluka bwanji?

Mayi a ku Area 25: Yang'anani kuseri kwa envulopu ya pateniyo. Ku America amayeza nsalu m'mayadi. Yadi imodzi ndi masentimita 91 ndi pang'ono. Ngati siketi yake ndi yosavuta, yesererani kumtunda kokha. Ndipo mumuuze mayiyo lero lomwe kuti keleko alipira padera.