Kodi ma cookie osungidwa pa laputopu amaonedwa bwanji?

Mayi Nangondo:
Ndimagwiritsa ntchito Chrome pa laputopu ya Windows 11, ndipo ndikufuna kuona ma cookie (timauthenga tating'ono timene mawebusaiti amasunga kuti azitikumbukira) amene webusaiti ina yasunga m'kompyuta yanga, osati kungowafufuta onse. Ndikalowa mu Settings ndikungoona mayina a mawebusaiti ndi kukula kwa malo amene atenga. Kodi pali njira yoonera dzina la cookie iliyonse, zimene yasunga ndi tsiku limene idzathe ntchito?

Bambo Chirwa:
Mayi, Chrome ya masiku ano siionetsanso zimenezo mu Settings. Tsegulani webusaiti yomwe mukufunayo, kenako dinani F12. Pa malaputopu ambiri muyenera kudina Fn ndi F12 pamodzi, chifukwa batanilo palokha limagwira ntchito ina. Pawindo lomwe litsegukelo sankhani Application, ndipo kumanzere, pansi pa Storage, mupeza Cookies. Mukadina dzina la webusaitiyo muona mndandanda wokhala ndi Name (dzina), Value (zimene yasunga), Domain (webusaiti yake) ndi Expires (tsiku lothera ntchito). Pamene palembedwa Session m'malo mwa tsiku, ndiye kuti cookie imeneyo kawirikawiri imafufutika mukatseka browser, pulogalamu yotsegulira mawebusaiti monga Chrome. Njirayi imangoonetsa ma cookie a tsamba lomwe mwatsegulalo. Pa Firefox, yomwe ndi browser ina, mumadina Shift ndi F9.

Bambo Mbewe:
Ndiwonjezerepo za fayilo yeniyeniyo, poti ena amafuna kuona onse nthawi imodzi. Chrome imasunga ma cookie mu fayilo yotchedwa Cookies, yomwe ili mu AppData\Local\Google\Chrome\User Data\Default\Network. Foda ya AppData ndi yobisika, choncho lembani %LOCALAPPDATA% pamwamba pa File Explorer kuti mufikeko msanga. Fayiloyi ndi ya mtundu wa SQLite ndipo imatseguka ndi pulogalamu yaulere ya DB Browser for SQLite, koma muyambe mwatseka Chrome n'kukopera fayiloyo pena, kuti musaononge yeniyeniyo. Kunena zoona, pa Chrome ntchito imeneyi phindu lake ndi lochepa, chifukwa mayina ndi masiku zimawerengeka koma zosungidwazo zinabisidwa mwa encryption, moti mungoona zilembo zopanda tanthauzo. Firefox ndiyo imasiya zonse poyera mu fayilo ya cookies.sqlite, yomwe mungaipeze polemba about:profiles pamalo olembapo adiresi. Kwa inu, Mayi, njira ya a Chirwa ndiyo yoyenera.

Mayi Nabanda:
Chenjezo langa lili pa gawo la Value. Pa mawebusaiti amene mumalowa ndi pasiwedi, monga imelo kapena banki, cookie imodzi mwa amenewo ndiyo imauza webusaitiyo kuti mwalowa kale, ndipo munthu amene waikopera angathe kutsegula akaunti yanu popanda kudziwa pasiwedi. Mukafuna kutumiza chithunzi cha mndandandawo kwa wina kuti akuthandizeni, phimbani gawo limenelo. Ngati munatumiza kale, tulukani mu akauntiyo pa zipangizo zonse, kenako sinthani pasiwedi.